Botolo, madzi ndi pampu: mafunso a ophunzira a ku Mzilawaingwe okhudza roketi ya madzi

Ku Mzilawaingwe botolo la pulasitiki la zakumwa zoziziritsa kukhosi silikhala nthawi lisanapeze ntchito ina. Wina amathiramo mafuta ophikira, wina thobwa, ena ambiri amangothera m'ngalande mvula ikagwa. Botolo lomwelo, likathiridwa madzi pang'ono n'kupopedwa mpweya, limatha kukwera mamita 40 m'mwamba pa masekondi atatu okha. M'mayiko ambiri ophunzira a sekondale ndi a m'makoleji amayambira pamenepa kuphunzira uinjiniya, ndipo zonse zofunika pa ntchitoyi zimapezeka mu Mzuzu momwe muno. Nawa mafunso amene amabuka gulu la ophunzira likaganiza zoyesa.

Kodi roketi ya madzi ndi roketi yeniyeni kapena ndi chidole chabe?

Ndi roketi yeniyeni. Chinthu chimatchedwa roketi ngati chimanyamula chokha zimene chizitaya kumbuyo kuti chipite kutsogolo, kaya zotayidwazo ndi moto, mpweya kapena madzi. Ya madziyi ndi botolo lozondotsedwa, pakamwa pali pansi, m'kati muli madzi pang'ono ndi mpweya wopanikizika pamwamba pa madziwo. Mukatsekula pakamwa, mpweya umakankha madzi kuti atuluke mwamphamvu, botolo n'kunyamuka. Lamulo lake analilemba Isaac Newton m'chaka cha 1687: chinthu chikakankha chinzake, nachonso chimakankhidwa ndi mphamvu yofanana kulowera mbali inayo. Amene anakwerako bwato ku Nkhata Bay amalidziwa lamuloli ndi thupi lawo: ukalumpha m'bwato kupita kumtunda, bwatolo limathawira m'nyanja.

Ndiye kuti madziwo amakankha nthaka, roketi n'kukwera?

Ayi, ngakhale anthu ambiri amaganiza choncho. Roketi sikankha nthaka ndipo sikankha mpweya wa panja. Imakankha madzi amene yanyamula, madziwo n'kuikankhanso. Mutaiulutsira pamwamba pa dzenje lakuya ingakwere chimodzimodzi. Maganizo olakwikawa anasokonezapo ngakhale anthu ophunzira. Mu 1920 nyuzipepala ya New York Times inanyoza Robert Goddard, katswiri wa ku America, ponena kuti roketi singayende kumene kulibe mpweya woti iukankhe. Goddard sanasiye ntchito yake, ndipo pa 16 Malichi 1926 anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi, imene inangokwera mamita pafupifupi 12. Nyuzipepala ija inavomera kulakwa kwake mu Julaye 1969, chombo cha Apollo 11 chili pa ulendo wa ku mwezi. Onetsetsani nambala ija ya Goddard: botolo lanu likapangidwa bwino lidzaipitirira tsiku loyamba.

Nanga madzi ndi a chiyani? Bwanji osangopopa mpweya wokha?

Yesani, mudzaona botolo likulumpha pang'ono n'kugwa pafupi. Mpweya ndi umene umasunga mphamvu imene mwaika ndi manja anu popopa, koma ndi wopepuka kwambiri, choncho roketi ilibe cholemera choti iponye kumbuyo. Madzi amalemera kuposa mpweya nthawi pafupifupi 800. Mpweya ndi madzi zimagawana ntchito: wina wasunga mphamvu, winayo ndiye woponyedwa.

Masamu ake ndi odabwitsa. Botolo la malita awiri lili ndi pakamwa potambalala mamilimita pafupifupi 22. Mukalipopa kufika pa presha ya 60 psi, imene ndi pafupifupi 4 bar, madzi amayamba kutuluka pa liwiro la mamita 28 pa sekondi, kutanthauza makilomita 100 pa ola. Mphamvu imene imakankha botolo pa nthawi imeneyo ndi yokwanira kunyamula makilogalamu 30, chonsecho botolo ndi madzi ake sizikwana n'kilogalamu imodzi yomwe. Madzi onse amatha m'kuphethira kwa diso, gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi lisanakwane. Roketi imakhala itakwera mamita awiri kapena atatu okha pamene injini yake yazima, ndipo ulendo wonse wotsalawo imangoyendera liwiro limene yapeza kale.

Tikathira madzi ambiri, sikwera kwambiri?

Sikwera. Madzi akachuluka, malo a mpweya amachepa, ndiye kuti mphamvu yosungidwa yachepanso, pomwe katundu wofunika kunyamula wachuluka. Mudzaona roketi ikudzuka molemera, ikukhavula madzi njira yonse n'kupendama. Madzi akachepa kwambiri amatha mpweya usanamalize ntchito. Pabwino pali pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, ndiye kuti mamililita 600 mpaka 700 m'botolo la malita awiri. Komabe musangokhulupirira nambala imeneyi chifukwa mwaiwerenga. Imasintha pang'ono malinga ndi kulemera kwa roketi yanu ndi presha imene mukupopa, ndipo kuipeza nokha ndiko kuyesa koyamba kumene gulu lililonse liyenera kuchita. Za bilu ya madzi musadandaule: ndowa imodzi ya malita 20 imakwanira maulendo pafupifupi 30, ndipo madzi a mvula, amene Mzuzu sasowa, amagwira ntchito bwino lomwe.

Tifunika zipangizo zanji, ndipo botolo lililonse lingathe?

Si lililonse. Tengani botolo la chakumwa cha gasi, monga Coca-Cola, Fanta kapena Frozy, chifukwa linapangidwa kuti lizipirira presha ya gasi wa m'chakumwacho. Pulasitiki yake imatchedwa PET, ndipo botolo lamtunduwu analitulukira Nathaniel Wyeth wa kampani ya DuPont, chiphaso chake n'kutuluka mu 1973. Botolo la madzi akumwa wamba ndi lopyapyala. La mafuta ophikira ndi la juwisi wosungunula sanawapangire presha. La galasi musaliyandikize n'komwe. Botolo likhale latsopano, losakalika, losapindika, ndiponso losakhalitsa padzuwa. Lotola kudzala ndi labwino kudulapo mphuno ndi zipsepse, koma osati kupopamo mpweya.

Zina zonse zili kwa okonza njinga. Mzinda umene uli ndi akabaza a njinga otchedwa Sacramento pa mphambano iliyonse sungasowe pampu, machubu akale ndi mavalavu. Valavu ya chubu cha njinga yamoto kapena ya tayala la galimoto ndiyo yabwino, poti imalola geji yoyezera matayala. Njira yapafupi ndi kuboola chotsekera cha labala cholowa mothina pakamwa pa botolo, n'kulowetsamo valavu. Mukamapopa, chotsekeracho chimafika pothawa chokha. Vuto lake ndi lakuti chimathawa nthawi imene chafuna, ndiye simungayerekeze ulendo wa lero ndi wa dzulo. Gulu lofuna kuyeza zinthu lipange choulutsira cha paipi ya hafu inchi yolowa m'botolo, ndi tizingwe tapulasitiki tomangira mawaya tija amati cable tie, tozungulira paipiyo. Timitu ta tizingweto timagwira mkombero wa pakhosi pa botolo, ndipo kachidutswa ka paipi yokulirapo kamatiphimba kuti tisatseguke. Mukakoka kachidutswako ndi chingwe muli patali, roketi imanyamuka pa presha imene mwasankha inuyo.

Yathu imangopidiguka m'malere. Talakwitsa pati?

Apa ndiye pamene magulu ambiri amagwa mphwayi, chonsecho ndi pamene phunziro lenileni layambira. Madzi akatha, botolo lopanda kanthu silikhala ndi kulemera kokwanira kutsogolo. Mphepo imene ikuligunda imafuna kulitembenuza, ndiye limazungulira, liwiro lonse n'kutayika.

Pali malo awiri pa roketi amene muyenera kuwadziwa. Oyamba ndi pakati pa kulemera kwake. Ikani roketi yopanda madzi chogona pa chala chanu mpaka itakhazikika osapendama, mulembepo chizindikiro. Achiwiri ndi pamene mphamvu ya mphepo imasonkhana. Kuti mupapeze mongoyandikiza, jambulani chithunzithunzi cha roketi yonse pa katoni, ndi zipsepse zomwe, muchidule, mupeze pamene katoniyo ikukhazikika pa chala. Roketi imauluka mowongoka ngati pakati pa kulemera pali kutsogolo kwa malo a mphepo, motalikirana ngati kunenepa kwa botolo kapena kuposerapo. Kuti zitero mumachita ziwiri. Mumalemeretsa mphuno ndi dongo, mchenga womanga m'kajumbo kapena mpira wa tenisi wakale, zimene zimakokera kulemera kutsogolo. Mumaikanso zipsepse zitatu kapena zinayi kumbuyo kwenikweni, zimene zimakokera malo a mphepo kumbuyo. Kutalikitsa roketi polumikiza botolo lachiwiri lodulidwa pamwamba kumathandizanso.

Musanathire dontho la madzi, mangani chingwe pa chizindikiro choyamba chija, muizungulitse roketi pamwamba pa mutu. Ikamatsogoza mphuno, yakhoza. Ikamayenda cham'mbali kapena chafutambuyo, onjezani dongo kapena kulitsani zipsepse. Zipsepsezo zikhale zolimba ndi zofanana, zoima mowongoka. Katoni imanyowa ulendo woyamba womwe, ndipo nyengo ya mawawa a Juni ndi Julaye simungaiumitse. Dulani pulasitiki ya chigubu chakale kapena chivundikiro cha ndowa yosweka, mumate ndi tepi yolimba. Guluu wotentha amafewetsa botolo, choncho asakhudze botolo lopopedwa mpweya.

Kodi yopepuka kwambiri si ndiyo ingakwere patali?

Pokhapokha kukanakhala kulibe mpweya. Botolo lopanda kanthu limanyamuka ndi liwiro lalikulu, koma mphepo imaliimitsa msanga chifukwa lilibe kulemera kolimbana nayo. Lolemera kwambiri nalo limanyamuka mochedwa. Pakati pa ziwirizi pali kulemera koyenera, ndipo mumakupeza poonjezera dongo magalamu 20 ulendo uliwonse mpaka kutalika kutayamba kutsika. Sikelo ya ku labu ya sukulu kapena ya pa golosale ikwanira. Mzuzu ali ndi kamwayi pang'ono apa. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wake ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kuyerekeza ndi wa ku Beira kapena Dar es Salaam. Roketi imakumana ndi mphepo yofookerapo.

Tipope mpaka pati? Botolo silingaphulike?

Lingaphulike, ndipo likaphulika phokoso lake limatha kuvulaza makutu, zidutswa zake n'kucheka nkhope. Botolo latsopano la malita awiri nthawi zambiri limapirira kupitirira 100 psi, koma lokalika kapena lopsa ndi dzuwa limasweka kale lisanafike pamenepo, ndipo simungalidziwe poliyang'ana. Kwa ophunzira, 40 mpaka 60 psi ndi yokwana. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 30 mpaka 35 psi, ndiye mukuona kuti si presha yosewera nayo. Kuwerenga kuti mwapopa kangati sikulowa m'malo mwa geji, chifukwa pampu zimasiyana ndipo zina zimataya mpweya.

Mukafuna kuyesa kulimba kwa botolo, lidzazeni madzi mpaka pakamwa, muliike kuseri kwa khoma, kenako mupope. Madzi sapanikizika ngati mpweya, choncho botolo lodzaza madzi likasweka limangong'ambika popanda kuponya zidutswa patali. Amisiri oyesa mathanki ndi masilinda a gasi amachita chimodzimodzi. Wopopa akhale mamita osachepera asanu kuchokera pa choulutsira, ali ndi payipi yaitali ndi magalasi otchinga maso. Oonerera aime kumbuyo, mamita 15 kapena kuposa. Botolo likapopedwa palibe woweramira pamwamba pake kapena kuligwira, ndipo roketi ikakana kunyamuka, tulutsani mpweya kaye musanayandikire. Kompresa ya pamalo okonzera matayala musaigwiritse ntchito, imadzaza botolo mofulumira kuposa mmene dzanja lingaimitsire. Ndikuchonderera makamaka aphunzitsi ndi makolo pa chinthu chimodzi: petulo, sipiriti, kabaidi, madzi otentha, zonsezi zisalowe m'botolo. Mwana akamva mawu oti roketi amaganiza za moto, ndipo ndi bwino kumuuza poyera tsiku loyamba kuti iyi ilibe moto.

Tikaulutsire kuti, poti kuno nyumba n'zothithikana?

Pakhomo ayi, mumsewu ayi. Roketi yokhala ndi mphuno yolemera ikamatsika kuchokera mamita 40 imabwera chamutu pa liwiro loposa makilomita 70 pa ola. Ingapinde lata, ingaswe zenera, ingavulaze mwana amene akusewera kuseri kwa mpanda. Pemphani bwalo la mpira kwa a hedi a sukulu, muulutsire pakati penipeni, kutali ndi mawaya a ESCOM. M'mawa mphepo isanadzuke ndiyo nthawi yabwino. Ana adzabwera okha, ochuluka, choncho pakhale anthu awiri amene ntchito yawo ndi kuwaimitsa kuseri kwa mzere ndi kuwaletsa kuthamangira kukawakha roketi ikamagwa. Kumbukiraninso kuti bwalo la ndege la Mzuzu lili m'kati mwa mzinda. Musaulutse chilichonse pafupi nalo kapena mbali imene ndege zimatsikira.

Tidziwa bwanji kuti yakwera mamita angati?

Maso amanama. Gulu lililonse limalumbira kuti roketi yawo inafika mamita 100. Njira yoyamba ndi ya masamu a Fomu 3. Mmodzi aime mamita 50 kuchokera pa choulutsira, atagwira protractor yomangirira ulusi wokhala ndi kamwala, ndi kapaipi ka bolopeni koyang'aniramo. Atsate roketi mpaka pamene yalekezera kukwera, apanikize ulusi ndi chala, awerenge ngodya. Kutalika ndi 50 kuchulukitsa ndi tangent ya ngodyayo, kuphatikiza msinkhu wa woyezayo kufika m'maso. Madigiri 45 akupatsani mamita 50, madigiri 30 mamita pafupifupi 29, musanaphatikize msinkhuwo. Popeza roketi sikwera chilili ndendende, ikani oyeza awiri mbali zosiyana, mutenge nambala ya pakati.

Njira yachiwiri ndi ya wotchi ya pa foni. Yezani masekondi kuyambira ponyamuka mpaka pogwa, muchulukitse nambalayo ndi iyo yomwe, kenako ndi 1.2. Masekondi 6 akupatsani mamita pafupifupi 43. Njirayi imagwira pa roketi yopanda parachuti yokha. Njira ziwirizi zikasiyana kwambiri, musasankhe imene yakukomerani. Fufuzani chifukwa chake.

Utsi woyera umene umatsala m'botolo ndi chiyani, poti mulibe moto?

Ndi nkhungu. Mpweya wopanikizika ukamasuka mwadzidzidzi umazizira kwambiri, ndipo chinyezi chimene chinali m'menemo chimasanduka timadontho ting'onoting'ono. Gwirani botolo likangogwa, mudzamva kuti lazizira. Gwirani pampu, mudzamva kuti yatentha, chifukwa kupanikiza mpweya kumautenthetsa. Firiji imagwira ntchito potsata mfundo yomweyi.

Chimene chimasandutsa masewerawa kukhala ntchito ya uinjiniya ndi chiyani?

Kope ndi pensulo. Gulu limene laulutsa maulendo makumi awiri osalemba kanthu lasangalala, koma silingakuuzeni chifukwa chimene ulendo wachisanu unaposera wachinayi. Injiniya amayamba ndi funso limodzi, mwachitsanzo lakuti madzi angati ndi amene akweze roketi iyi patali pa 50 psi. Amalemba kaye zimene akuyembekeza, kenako amasintha chinthu chimodzi chokha, zina zonse osazigwira. Mamililita 300, 500, 700, 900, mulingo uliwonse maulendo atatu, botolo lomwelo, presha yomweyo, m'mawa womwewo. Manambalawo akajambulidwa pa pepala la girafu amapanga kaphiri, ndipo pansonga pake ndi pamene pali yankho. Sabata yotsatira funso likhale la zipsepse, ina la kulemera kwa mphuno, ina la ngodya youlutsira mukafuna kuti ipite kutali m'malo mokwera. Buku limati madigiri 45, koma bukulo limawerengera ngati kulibe mphepo, ndiye yesaninso 40 ndi 50 muone.

Ntchito zigawidwe ndipo zizisinthana, kuti yemwe lero wagwira kope mawa agwire pampu. Ndikunena izi chifukwa m'magulu osakanikirana kawirikawiri anyamata amathamangira zida, atsikana n'kusiyidwa ndi zolemba. Mphunzitsi asalole zimenezo. Ulendo wolephera ulembedwe mofanana ndi wopambana, ndi chifukwa chake: chipsepse chinamatuka, valavu inataya mpweya, mphepo inawomba. Wophunzira amene wazolowera kugwira ntchito motere adzapeza kuti ndi zomwezi zimene akufunsidwa ku Mzuni pa Luwinga, ku Mzuzu Technical College, ku MUST ku Thyolo kapena ku MUBAS ku Blantyre. Za zouluka si maloto akutali m'dziko muno. Boma ndi UNICEF anatsekula dera loyeseramo madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe mu 2020. Kukhazikika kwa chouluka, kulemera kwake ndi mphepo ndi nkhani zomwezo kumeneko.

Roketi ya madzi ingakwere mpaka pati? Ingafike kunja kwa dziko?

Botolo limodzi lopangidwa bwino, pa presha yoyenera ophunzira, limakwera mamita makumi angapo. Odziwa ntchitoyi amafika kutali zedi. Mu Ogasiti 2015 gulu la ophunzira uinjiniya la pa University of Cape Town ku South Africa, motsogozedwa ndi Stuart Swan ndi mphunzitsi wawo Pulofesa Arnaud Malan, linaulutsa roketi yotchedwa Ascension III kufika mamita 830. Linaposa mamita 623 amene gulu la U.S. Water Rockets linafika mu 2007, ndipo pa nthawiyo palibe roketi ya madzi imene inali itakwera kuposa pamenepo. Yawo sinali ya botolo la Fanta. Inali yaitali, yowonda, yopangidwa ndi carbon fibre kuti ipirire presha yoopsa, ndipo dzina lakelo likusonyeza kuti inali yachitatu, ziwiri zitatsogola. Mipikisano ya ana asukulu iliponso. Mayiko a ku Asia ndi Pacific anayamba kuchita wawo mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la Japan la JAXA, ndipo National Physical Laboratory ku Teddington, ku Britain, yakhala ikuchititsa wake kwa zaka zambiri.

Kunja kwa dziko ndiye singafike. Malire amene ambiri amawerengera ali pa makilomita 100, ndipo kuti chinthu chizizungulira dziko osagwa chimafunika liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Konstantin Tsiolkovsky wa ku Russia anasonyeza mu 1903 kuti liwiro la roketi limadalira liwiro la zimene ikutaya ndi kuchuluka kwake poyerekeza ndi kulemera kwa roketiyo. Madzi athu amatuluka pa mamita 28 pa sekondi. Injini za Space Shuttle zinkawotcha haidrojeni ndi okosijeni, ndipo chimene chinkatuluka kumbuyo chinali nthunzi ya madzi, pa liwiro loposa mamita 4,000 pa sekondi.

Tikufuna itsike ndi parachuti, dzira lili m'kati osasweka. Tiyambire pati?

Ili ndiye gawo lovuta kuposa onse, ndipo musaliyambe roketi isanayambe kuuluka mowongoka maulendo angapo motsatizana. Kupanga parachuti sikuvuta: dulani pulasitiki yopyapyala mozungulira, yotambalala masentimita 60 mpaka 80, muboole kabowo pakati kuti isamagwedezeke, mumange ulusi wofanana utali m'malo asanu ndi atatu, pomanga paliponse mutamatapo tepi. Chovuta ndi nthawi yotseguka. Ikatseguka msanga, roketi ili pa liwiro, imang'ambika kapena kuimitsa ulendo. Ikachedwa, dzira lapita.

Njira yoyambira ndi mphuno yongokhazika, yosamata, imene mphepo imaipanikiza pokwera ndipo imagwa yokha roketi ikafika pansonga n'kupendama. Imagwira nthawi zina, nthawi zina imakana, chifukwa roketi yokhazikika bwino imakhota mosalala mphepo ikadali kupanikiza mphunoyo. Ena amagwiritsa ntchito kamakina ka chidole chopukusa, kamene kamamasula labala patapita masekondi atatu. Ena amaika kachipsepse kamene mphepo imakagoneka pokwera, liwiro likatsika n'kudzuka n'kutsekula chitseko. Iliyonse mwa njirazi iyesedwe kaye pansi maulendo khumi. Parachuti ipindidwe momasuka, muiwaze ufa pang'ono kuti pulasitiki isamatirane ndi chinyezi, ndipo ulusi usazengedwe mothina. Dzira likhale m'kachipinda kakekake kutsogolo, lokutidwa ndi siponji ya matiresi akale mbali zonse, poti kunyamuka kokhako kumalikankha mwamphamvu kwambiri. Maulendo oyamba ikanimo mbatata yolemera ngati dzira, pafupifupi magalamu 60, ndipo dzira lenileni lilowe parachuti ikatseguka katatu motsatizana.